Tsamba la nkhani za kuchigwa: mmene ndinaliyambira ndi komwe ndalama zake zimachokera

Achinyamata a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akhala akundifunsa ngati munthu angadyere pa tsamba la pa intaneti longolemba za kwathu kuno. Ndimawayankha kuti n'zotheka, koma ndalamazo sizichokera kumene iwo akuyang'ana. Ambiri anamva kuti ukangotsegula tsamba, anthu n'kumalowapo, Google imayamba kukutumizira madola. Ine amene amandilipira ndi mayi wogulitsa mpunga pa Bangula, mwini malo ogona alendo pa Nchalo, mnyamata wowotcherera zitseko ndi ngolo pa Ngabu. Ndi anthu oti ndimawadziwa, nawonso amadziwa pakhomo panga. Ndalemba izi kuti amene akufuna kuyamba ntchito yotere, kaya konkuno kuchigwa, kaya ku Phalombe kapena ku Salima, adziwe poyambira.

Poyamba ndinali ndi kashopu kotchajitsa mafoni, kutayipa makalata ndi kupanga fotokope pa Nchalo. Munthu akabwera pamalo otere samangosiya foni n'kumapita. Amakhala pabenchi n'kumafunsa. Thonje akugula bwanji ku Ngabu? Mbuzi zafika pati? Mtsinje wa Mwanza wadzaza kapena galimoto zikudutsa? Maboti akuwolotsa pa Mtayamoyo? Mafunso ake ndi omwewo tsiku ndi tsiku, ndipo yankho limakhala ndi munthu wina amene sali kutali konse, kungoti awiriwa sadziwana. Nyuzipepala ndi mawayilesi akuluakulu amatikumbukira madzi akasefukira kapena dzuwa likanyanya mu Okutobala. Koma mtengo wa chitowe wa sabata ino palibe amene amatsetsereka kuchoka ku Blantyre kudzaufunsa. Apa ndi pamene ndinaona kuti pali ntchito.

Ndinasankha kuti tsambalo lisakhale la ndemanga zanga kapena nkhani zokopera kwina. Likhale la zinthu zimene munthu wa kuno amazifuna asanatuluke pakhomo: mitengo ya pamsika, mmene misewu ndi mitsinje ilili, ntchito zimene zatuluka, ziweto zotayika, zamaliro, ndi zotsatira za mpira wa m'midzi. Mpirawo musaupeputse. Anyamata ambiri anayamba kutsegula tsambali pofuna kuona dzina la timu yawo, kenako n'kumaonanso zinazo.

Za kamangidwe kake sindichedwapo, chifukwa n'zimene munthu amaphunzira msanga. Ndinagwiritsa ntchito WordPress, pulogalamu yopangira masamba a pa intaneti imene ndi yaulere, ndipo ndinasankha maonekedwe opepuka kwambiri amene ndinapeza. Zolipira ndi ziwiri: dzina la tsamba ndi malo osungirapo tsambalo, amene odziwa amati hosting. Dzina lothera ndi .mw limayendetsedwa ndi a Malawi SDNP, ndipo makampani a m'dziko muno amatha kukulembetserani. Langizo langa ndi lakuti mupeze kampani yolandira makwacha ndipo mulipire chaka chonse nthawi imodzi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene ankalipira hosting m'madola mwezi ndi mwezi anadzuka bilu itakwera pamene makasitomala ake akulipirabe mtengo wakale. Kupeza madolawo ku banki nakonso ndi nkhani ina.

Chofunika kwambiri ndi kukumbukira amene mukumulembera. Owerenga anga pafupifupi onse ali pa foni, foni yake yotchipa, bandulo yake yaing'ono, netiweki yake yobwera n'kuchoka. Tsamba lolemera ndi zithunzi zikuluzikulu limadya mayunitsi a munthu lisanatseguke, ndipo munthuyo sabweranso. Chithunzi chilichonse ndimachichepetsa ndisanachiike. Mavidiyo sindiika. Mitengo ya lero imakhala pamwamba penipeni, kuti ngakhale netiweki itaduka pakati, munthu akhale ataona chimene anabwerera. Ndimayesera tsambali pa foni yakale ya mng'ono wanga, osati pa laputopu.

Laputopu nayo kuno imavutika. Kutentha kwa kuchigwa kukapyola madigiri 40 makina amazima okha, choncho ntchito yolemba ndimaigwira m'mamawa kapena usiku. Za magetsi tinaphunzira tonse mu Januwale 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kasola kakang'ono ndi batire ndi zimene zinachititsa kuti tsambali lisagone. Ngati ndalama zanu zili zochepa, yambani mwagula sola, laputopu yabwino idzabwera pambuyo. Ntchito yambiri imatheka pa foni.

Pali chinthu china chimene amene anaphunzira za makompyuta sakonda kumva. Anthu ambiri amene amapindula ndi tsamba langa sanalitsegulepo. Chimene amaona ndi kachithunzi kamene ndimapanga m'mawa uliwonse, kolembedwa mitengo ndi za misewu, dzina la tsamba lili m'munsi, n'kukatumiza pa WhatsApp ndi pa Facebook. Kachithunziko kamayenda kokha kuchoka pa foni iyi kupita pa ina mpaka ku Marka. Tsambalo ndi nkhokwe, WhatsApp ndi dengu lotapira. Amene akufuna kudziwa kuti nandolo anali pa mtengo wanji mwezi watha, kapena nambala ya makaniko wa mapampu a madzi, ameneyo ndi amene amapita kunkhokwe. Palinso agogo ndi amayi ambiri amene kuwerenga kumawavuta, ndiye zofunika kwambiri ndimazijambulanso m'mawu, m'Chichewa, ndipo mlongo wina wa ku Tengani amazinenanso m'Chisena. Kumunsi kwa Nsanje uthenga wa m'Chisena umamveka ngati wa pakhomo, ndipo anthu amaufalitsa msanga kuposa wolembedwa.

Tsopano ndifike pamene pali ntchito yeniyeni, ndiyo kupeza nkhani yoona.

Munthu mmodzi sangakhale pa Dyeratu, pa Ngabu, pa Bangula ndi pa Fatima m'mawa umodzi. Ndinafunafuna anthu amene ntchito yawo imawaika pamsika kapena pamsewu tsiku lililonse: wakabaza, mayi wa geni, woyendetsa boti, wothandiza pa dibi la ng'ombe. Sindinafune ophunzira kwambiri. Ndinafuna anthu osakonda kuwonjezera nkhani. Aliyense ndimamutumizira mayunitsi sabata iliyonse ndi kangachepe kumapeto kwa mwezi, osaphonya, ngakhale mwezi umene ine sindinapeze kanthu. Ukangowadumphitsa kamodzi, uthenga wa m'mawa umayamba kuchedwa, ndipo sungawadzudzule.

Kufunsa mtengo kuli ndi luso lake. Tsiku lina ndinapita ndekha pa Bangula kukaonana ndi mayi amene amanditumizira mitengo ya mpunga ndi nyemba. Ndinaima pa benchi ya mnzawo n'kufunsa kuti ndowa ndi zingati. Anandiyang'ana nsapato, anayang'ana foni ili m'manja, n'kutchula mtengo. Mayi onditumizira mitengo aja anandikokera pambali. Anati, “Achimwene, umenewo ndi mtengo wa alendo. Inu mukalemba umenewo, mawa mlimi abwera ndi thumba lake kuchoka ku Makhanga akuyembekeza ndalama imeneyo, saipeza, ndiye adzati tsamba lanu ndi labodza. Imani apa muone amene akugula akupereka zingati.” Tinaima pamthunzi mpaka anthu angapo atagula. Anandionetsanso kuti ndowa sizifanana, ina ndi yophwanyidwa pansi kuti ilowe pang'ono, ndipo kudzaza kosefukira ndi kudzaza kosalaza ndi mitengo iwiri. Kuyambira pamenepo ndimalemba mitengo iwiri, umene mavenda akugulira kwa mlimi ndi umene akugulitsira, ndipo ndimatchula muyeso wake, kaya ndi kilogalamu, ndowa kapena thumba la makilogalamu 50. Ndimalembanso ola limene mtengowo unaonedwa, chifukwa wa m'mawa ndi wa madzulo sufanana.

Lamulo langa ndi lakuti nkhani iliyonse yoti ingamuyendetse munthu ulendo kapena kumutayitsa ndalama, ndiimve kwa anthu awiri osadziwana. Ngati wachiwiri sanapezeke, ndimadikira. Ena amanditsogolera pofalitsa, koma anthu anazolowera kunena kuti, “Tidikire kaye tione ngati zatuluka patsamba paja.” Mawu amenewo ndi amene ndimagulitsa, ngakhale sindinawalembe pa risiti.

Izi zinaoneka bwino mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy. Mafoni anadzaza ndi zithunzi, zina za madzi a 2015, zina za Idai wa 2019, zina za maiko ena, zonse akuti ndi za lero pa Chikwawa. Masiku amenewo ndinachotsa malonda onse patsamba. Ndinkaika machenjezo a nthambi yoona za nyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, monga anatulukira, osasintha liwu, kenako zimene anthu anga aona ndi maso: madzi afika pati, msewu waduka pati, anthu asonkhana pa sukulu iti. Netiweki inkasowa kwa maola ambiri, ndipo madera ena a ku East Bank, kutsidya la kum'mawa kwa mtsinje wa Shire, sitinkawamva n'komwe. Pamene sindinamve kanthu ndinkalemba kuti sindinamve kanthu. Abale a ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg ankaimba usiku kufunsa za midzi yawo, ndipo zinali zowawa kuuza munthu kuti za kwanu sizinandifike. Komabe kumunamiza kuti onse ali bwino kukanakhala nkhanza. Mwezi umenewo sindinapeze ndalama, koma ambiri mwa amene amalipira malonda lero anandidziwa nthawi imeneyo. Ndikupemphani inu amene mudzayambe ntchitoyi kuti musadzaike malonda pambali pa uthenga wa ngozi kapena wa maliro. Zamaliro kwa ine ndi zaulere mpaka kalekale.

Nanga ndalama zimalowa bwanji?

Za Google ndinene mwachidule. AdSense, njira imene Google imaikira malonda pa tsamba lako n'kumakulipira, salipira mpaka ndalama zako zitakwana madola 100, ndipo tsamba la m'Chichewa lowerengedwa ndi anthu a maboma awiri lingadikire nthawi yaitali kwambiri kuti lifike pamenepo. Malonda akewo amalemetsanso tsamba n'kumadya bandulo ya owerenga. Ine ndinawasiya.

Msana wa ntchitoyi ndi kaundula wa mabizinesi a m'dera. Aliyense amalembedwa ulere dzina, ntchito yake ndi malo. Amene akufuna chithunzi, nambala ya foni pamwamba, ndi kutchulidwa pa kachithunzi ka m'mawa kaja, amalipira pamwezi. Mtengo ndinauika wotsika, woti wogulitsa zipangizo za njinga angaupereke osapita kukafunsa kunyumba. Anthu ambiri olipira pang'ono ndi abwino kuposa bwana mmodzi wolipira zambiri, chifukwa bwanayo tsiku lina adzafuna kuti musalembe zimene zachitika pakampani pake. Ndipo musayembekeze kuti adzabwera okha. Ndinayenda shopu ndi shopu, foni m'manja, kumuonetsa munthu mnzake woyandikana naye ali patsamba. Mawu oti “kutsatsa malonda pa intaneti” sagwira mtima wa munthu wa pa Miseu Folo. Chimene chimagwira ndi kumuuza kuti mwezi woyamba ndi waulere, ndipo aliyense woimba foni amufunse kuti nambala waipeza kuti. Akamva anthu awiri atatu akutchula tsamba, mwezi wachiwiri amakuitana yekha.

Kenako pali zidziwitso za kamodzi: nyumba ya lendi, njinga yamoto yogulitsa, msonkhano wa kopaletivu, sukulu ya mkaka imene ikulemba ana, ziweto zotayika. Za ziwetozi ndinene zambiri pang'ono, chifukwa kuno ng'ombe ndi banki ya munthu, ndipo kuba ng'ombe ndi nkhani yoti anthu amavulazana. Bambo wina wachikulire anafika pashopu m'mawa, fumbi mpaka m'mawondo, ng'ombe zake ziwiri zitasowa kudambo. Anazifotokoza ngati ana ake: yaikazi yofiira, nyanga yakumanzere yopindikira pansi, khutu lodulidwa kunsonga, ndi kamwana kake ka mawanga pamphumi. Kenako anatsitsa mawu nati, “Mwana wanga, ulembenso kuti amene watenga ndi uje, ndikumudziwa.” Ndinawayankha kuti, “Bambo, za ng'ombezi ndilemba zonse, ndi nambala yanu. Koma dzina la munthu sindilemba. Limenelo mukawauze a nyakwawa ndi apolisi.” Anakhumudwa, koma analipira. Ng'ombezo zinapezeka zitasakanikirana ndi khola lina kutsidya kwa dambo, popanda wakuba aliyense. Dzina lija likanatuluka, sindikudziwa kuti mnyamata wotchulidwayo zikanamuthera bwanji. Palinso lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa intaneti, Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene aliyense woyendetsa tsamba ayenera kuliwerenga, koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, m'mudzi timadziwa chimene dzina loipitsidwa limachita. Wogulitsa ng'ombe patsamba langa ndimamufunsanso kalata ya amfumu yotsimikiza kuti ndi zake, ndipo boma likaletsa kuyendetsa ziweto chifukwa cha matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, malonda a ziweto ndimayamba ndawaimitsa.

Ndalama ina imene sindinaiganizire poyamba imachokera kunja kwa chigwa. Ogula mbuzi, chitowe ndi nandolo a ku Blantyre ndi ku Limbe amafuna kudziwa kumene katundu ali asanawotche mafuta kutsika phiri. Amalipira kuti chidziwitso chawo chifike kwa alimi: tikugula chakuti, pamalo pakuti, tsiku lakuti, mtengo wakuti. Ndimawauza kuti mtengo umene alemba ndi umene akapereke, ndipo akakasintha pamalopo, alimi akandiuza, sadzalembanso pa tsamba langa. Mmodzi ndinamuchotsadi. Ana a kuno amene ali ku South Africa nawonso amalipira kuti ndiwapezere mmisiri wodalirika kapena ndikajambule mmene nyumba yawo ikumangidwira.

Ndiyeno pali ntchito zobwera chifukwa choti anthu akudziwa kuti umatha: kupanga mapositala, kujambula zithunzi za katundu, kutsegulira malo ogona alendo tsamba lawolawo kuti opita ku Majete kapena ku Lengwe awapeze, kuphunzitsa komiti ya kopaletivu kusunga mabuku pa foni. Miyezi ina zimenezi zimaposa malonda a patsamba. Mabungwe amene amagwira ntchito kuchigwa kuno ndi ambiri, ndipo amafuna kufalitsa mauthenga awo, koma salipira munthu wopanda mapepala. Lembetsani bizinesi yanu ku boma, tengani nambala ya msonkho (TPIN) ku MRA, khalani ndi buku la marisiti ndi akaunti ya ku banki ya dzina la bizinesiyo. Mukatero mumalowa pakhomo limene ena amangoliyang'ana.

Pa katoleredwe, ndalama iyambe yalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, chidziwitso chituluke pambuyo. Ovuta si alendo, ndi achibale ndi anzako a kutchalitchi, amene amati, “Ingoikani achimwene, ndikupatsani Lachisanu.” Ndinapeza njira yosayambana nawo: ndimawauza kuti ndalama za tsamba amasunga ndi mayi a kunyumba, ndipo ndi zoona, buku lili ndi iwowo. Dziwaninso kuti ndalama za kuno zili ndi nyengo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, anthu akagulitsa thonje ndi mbewu zina, malonda amachuluka. Pa Nchalo mapeto a mwezi amasiyana ndi pakati pa mwezi chifukwa cha malipiro a kumunda wa nzimbe. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowuma m'thumba, pamene ntchito yolemba za madzi ndi misewu ndi imene imachuluka. Choncho za hosting ndi za anthu onditumizira nkhani ndimazipatula nthawi ya zokolola.

Pali ndalama zina zimene ndimakana, ndipo zimabwera zonenepa. A katapila, olonjeza kuchulukitsa ndalama, olemba anthu ntchito za kunja amene amafuna kuti uyambe walipira, onsewa amafuna kubwereka chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa tsambali. Wina akabedwa kudzera pa chidziwitso chimene ndinaika ine, sakafuna wakubayo, adzabwera pashopu panga, ndipo adzakhala akulondola. Nthawi ya kampeni andale nawo amabwera. Chidziwitso cha msonkhano ndimalandira kuchokera ku chipani chilichonse pa mtengo umodzi, n'kulemba poonekera kuti ndi cholipiridwa. Zonyoza mnzawo sindiika. Zithunzi za ana, za odwala ndi za anthu amene ali m'misasa ya othawa madzi sindiika popanda chilolezo chawo.

Kodi zimakwana kudyetsa banja? Chaka choyamba ayi, shopu ndi imene inkadyetsa tsamba. Musasiye ntchito kapena dimba lanu chifukwa cha tsamba latsopano. Panopa limalipira hosting, limalipira onditumizira nkhani, limalipira mtsikana amene amandithandiza kulemba ndi kuyankha mafoni, n'kutsalako ya fizi ndi ya ndiwo. Si chuma choti mungagulire galimoto, koma ndi ndalama yobwera mwezi ndi mwezi kuchokera kwa anthu amene akuona phindu lake.

Yambani ndi dera laling'ono, msika umodzi kapena iwiri imene mungafikeko pa njinga, ndipo mukaonane ndi amfumu ndi a komiti ya msika musanayambe kufunsa mitengo, kuti asakuyeseni kazitape wa mavenda. Ine ndinayamba ndi Nchalo yokha, Ngabu ndi Bangula zinabwera pambuyo. Mpaka lero ku East Bank sindinakufike mokwanira. Ndikufunabe munthu wodalirika wa ku Muona kapena ku Makhanga woti azinditumizira za mpunga ndi za madzi a Ruo m'mawa uliwonse, makamaka mvula isanayambe, chifukwa ngalande ya mthirira ya Shire Valley Transformation Programme ikukumbidwa tsidya lino ndipo maso a ambiri ali kumeneko, pamene anzathu a kutsidya ndi amene amayamba kudulidwa msewu madzi akabwera.